Khomo la Kumbuyo kwa Saluni ya Amalume

Amalume anga atapuma pantchito ya boma anatsegula saluni yodetsa anthu khungu. Anaitsegula ku Chipata konkuno, kumene dzuwa limagwira ntchito imeneyi tsiku lililonse osapempha kanthu.

Nzeruyo anakaitola ku Lusaka, kumsonkhano wina wa m'hotela kumene anthu opuma pantchito amapatsidwa tiyi ndi masikono kenako n'kuwauza kotaya penshoni yawo. Anabwerako ndi mawu atsopano, furanchaizi. Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana wa giredi wani. Kampani ina ili kale ndi dzina, makina ndi mankhwala. Iwe umagula chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo, iwo amakutumizira zonse, iwe umamvera malamulo awo n'kumawagawirako zimene wapeza. Ukaphwanya lamulo, kapena ukasowa makasitomala, amabwera kudzatenga makina awo ndi chikwangwani chomwe.

"Ndiye kuti mwagula abwana," ndinatero.

"Ndagula dongosolo, mwana iwe."

"Ena akafuna wowalamulira amangokwatira."

Sanaseke. Amalume sankaseka zinthu zimene alipirira.

Ine ndinali nditasiya sukulu mu giredi leveni. Chifukwa chake musandifunse, ndinatopa kuyankha. Sinali mimba, ngakhale amayi a kwaya kwathu anaidikira mpaka anagwa ulesi. Amayi anga amalima thonje kumudzi, cha ku Tamanda, ndipo atandilola kubwera m'tauni kudzagwira ntchito kwa mlongo wawo anandiuza poyera kuti zikakanika ndibwerere, sipuleya ikundidikira. Sipuleya ndi chigubu chija umabereka kumsana popopera thonje. Chimadontha, chimanunkha, ndipo malamba ake amadya mapewa. Ndinachibereka kuyambira ndili wamng'ono ndipo ndinalumbira kuti sindidzachiberekanso. Saluni ikanagwa, ndikanagwera m'munda umenewo.

Makina atafika pa basi ndinaseka mpaka amalume anandituma madzi. Anali katenti koima kolowamo munthu mmodzi, kapaipi, kamfuti kapulasitiki ndi mabotolo a madzi ofiirira, ena otuwa, ena akuda bii. Munthu amavula, amalowa m'katentimo, iwe umamupopera. Ndinathawa kupopera thonje n'kudzapeza kupopera anthu.

Malamulo a kampani anali ambiri kuposa a kuseminale. Galasi lakutsogolo lisaphimbidwe, odutsa aziona m'kati. Pakhoma pakhale zithunzi zawo zokha, za atsikana achizungu atagona pamchenga. Wantchito avale zoyera, amwetulire. Munthu apoperedwe kamodzi kokha, osabwereza. Ine ndinavala zoyerazo. Kumwetulira ndinawasiyira amalume.

Ankadalira azungu. Ankati amadutsa ambiri popita ku Mfuwe kukaona nyama, ndipo mzungu aliyense amalakalaka kuda. Anadutsadi ambiri, m'magalimoto aataliatali, osatembenuka n'komwe. Nthawi ya mwambo wa Ncwala itakwana anandikokera ku Mtenguleni kuti tikagawe timapepala totsatsa malonda. Azungu tinawapeza, koma onse anali atapsa kale ngati matimati, atabisala m'zipewa, akudzola mafuta oyera othawira dzuwa. Mayi wina anawerenga kapepalako, anaseka mpaka misozi, n'kupempha kujambulitsa ndi amalume. Pobwerera mu minibasi amalume anati msika wasonyeza chidwi.

Kasitomala wathu woyamba anali iwo omwe. Anati mwini bizinesi aziidziwa katundu wake. Ndinawapopera thupi lonse. Amalume ndi akuda ngati kunsi kwa poto, ndiye palibe chinasintha kupatula zikhatho, zimene anaiwala kufumbata. Zinasanduka za mtundu wa dzimbiri. Lamlungu ku Misa, nthawi yopatsana mtendere, anthu a pabenchi lawo anangowagwedezera mutu patali, ndipo akatekisiti anawafunsa panja ngati apitako kuchipatala.

Kenako foni inalira kuchokera ku Lusaka. Mayi woyang'anira nthambi za kampani anatchula tsiku lodzationa, ndipo anati akapeza zinthu zili chomwecho atenga makina. Sabata yomweyo amayi anga anayamba kunditumizira mauthenga onena za mbozi zimene zalowa m'thonje. Sankawonjezera kanthu. Sankafunika kutero.

Saluni yathu inali ndi khomo lakumbuyo, lotayira madzi, lotulukira kukanjira kodutsa kuseri kwa telala woyandikana nafe. Tsiku lina masana, amalume atapita kubanki, munthu anagogoda pakhomo limenelo. Anali mtsikana wina amene ndinkamuona akugwira ntchito m'kabokosi kotumizira ndalama pafoni, pafupi ndi siteji. Nkhope yake inali yoyera ngati m'kati mwa mbatata, koma mfundo za zala zinali zakuda. Aliyense m'tauni muno amadziwa tanthauzo la zala zotere.

"Asisi, akuti muli ndi makina odetsa."

"Khomo lili kutsogolo."

"Kutsogolo kuli galasi."

Ndinamulowetsa. Nkhani yake inali yotere. Akuchimuna atabwera kudzamufunsira anali wakuda monga anabadwira. Mwamunayo anapita kukagwira ntchito kumigodi, iye anatsala m'kabokosi kake, anaona kuti atsikana oyera ndiwo amakhala ndi mzere wa makasitomala, n'kuyamba kudzola mafuta oyeretsa khungu. Tsopano ukwati unali utayandikira, ndipo Loweruka alangizi anali kubwera kuchokera kumudzi kwa mwamunayo. Alangizi salangiza munthu wovala. Amakuvula, amakusambitsa, amakuyang'ana paliponse, ndipo zimene aona zimakafika kwa apongozi basi isanafike. Apongozi akewo anali atanena kale pagulu kuti mtengwa wodzisenda khungu sadzaponda pakhomo pawo.

"Nanga mwamunayo sanaone?"

"Timaonana pafoni. Pafoni aliyense ndi woyera."

Atavula ndinaluma mlomo. Mafutawo ndi odula, ndiye ankadzola poonekera pokha: nkhope, khosi, mikono, miyendo kulekeza m'mawondo. Pakati ponse panali pa Mulungu. Ankaoneka ngati chimanga chowotchedwa mbali imodzi.

"Musaseke, asisi."

"Sindikuseka. Kwezani manja."

Ndinatenga botolo lakuda kwambiri, limene tinali tisanalitsegulepo. Ndinapopera moyera mokha, pang'onopang'ono, monga umayendera mumzere wa thonje, osaiwala kunsi kwa tsamba. Kamodzi sikanakwane. Ndinadikira aume, ndinabwereza, ndinabwerezanso, mpaka khosi ndi mimba zinayamba kuoneka za munthu mmodzi. Ndinamuuza kuti asasambe mpaka mawa, asakwere minibasi yodzaza chifukwa thukuta lilemba mizere, ndipo alangizi akatola mwala wotsukira mapazi aziti ali ndi ziwengo. Anatuluka pakhomo lomwe analowera, mikono ili pambali ngati wanyamula ndowa ziwiri.

Anabweranso patapita sabata, atayamba kale kusuluka. Anati alangizi anamusisita pamsana n'kunena kuti ili ndiye khungu lakale, losadziwa mafuta a m'tauni. Chimene alangiziwo anadandaula ndi madzi omusambitsira okha. Anatuluka ofiirira, ndipo mlangizi wamkulu anati atsikana a m'tauni sadziwa kusamba, anamutsuka ndi mawu mpaka madzulo. Iye anavomera mlandu umenewo ndi manja awiri. Ndinamupoperanso wa pa ukwati.

Nkhani zotere siziyenda pa timapepala. Pasanapite nthawi khomo lotayira madzi linali lotanganidwa kuposa la banki. Ankabwera amene akupita kumaliro kumudzi, kumene azakhali amayang'ana nkhope yako kuposa ya malemu. Ankabwera amene amayi awo akubwera kudzacheza. Wina anabwera chifukwa anamwino a kusikelo ankamukalipira mwezi uliwonse. Onse ankafuna chinthu chimodzi, kuti asaonedwe akulowa. Ndinatenga chitenje chimene amayi anandipatsa pochoka kumudzi n'kutchinga galasi lonse. Zithunzi za atsikana a pamchenga ndinazitembenuzira kukhoma, chifukwa mayi wina anati sangavule iwo akumuyang'ana. Amalume ndinawatulutsa.

"Undithamangitsa m'bizinesi yanga?"

"Azimayi akuvula, amalume. Mukufuna kukhala?"

Anatenga mpando wawo n'kukakhala kwa telala. Tsiku lililonse ankasuzumira pakhomo, maso ali pansi, n'kunong'oneza kuti lamulo la galasi, mwana iwe, lamulo la galasi. Koma madzulo akamatseka kabati ya ndalama sankalitchula.

Mayi wa ku Lusaka sanadikire tsiku limene ananena. Anafika m'mawa wina atavala suti ndi nsapato zogogoda, anapeza chitenje pagalasi, mwini saluni akusewera drafuti ndi telala. Atakankha chitseko anapeza azimayi atakhala pabenchi, zitenje zili m'chifuwa, mikono yotambasula ngati nkhuku zonyowa zikuothera dzuwa. Ine ndinali m'katenti ndi mayi wina wamkulu thupi wogulitsa nsomba zouma kumsika wa Kapata, nditamaliza mbali ya kumanja yokha.

"Ichi n'chani?" anafunsa, akuloza chitenje.

"Chitenje," ndinatero.

"Zithunzi zathu zili kuti?"

"Zilipo. Zayang'ana kukhoma."

Amalume analowa akupukuta thukuta ndi chipewa chawo. Anati madamu, mwanayu ndi wosaphunzira, anasiyira panjira, ndakhala ndikumuuza. Ndinawayang'ana. Anayang'ana denga.

Mayiyo anayamba kutchula zimene taphwanya, chimodzichimodzi, mawu ake osakwera. Atafika pa kupopera kobwereza anati izi zokha n'zokwanira kutseka nthambi. Ine ndinaona kale munda wa amayi, mizere yake yosatha, ndi malamba aja. Mkwiyo unandikwera.

"Tengani makina anu. Azungu anu tinawafuna mpaka ku Mtenguleni, anatijambula. Koma muyambe mwawauza amayi awa."

Mayi wa nsomba uja anatulutsa mutu m'katenti, kenako thupi lonse. Tsaya limodzi lakuda, lina loyera, mkono umodzi wa kumudzi, wina wa m'tauni.

"Mwana wanga," anatero kwa mayi wa suti, "apongozi anga aamuna amwalira, thupi linyamuka masana ano. Ukatenga makinawa utengenso ine, ukandisunge ku Lusaka kwanuko mpaka ndisuluke."

Pabenchi panamveka kuseka kotsekera pakamwa. Wina anati nayenso amutenge, sanafikeko ku Lusaka. Mayi wa suti sanaseke. Anapita pashelufu, anagwedeza mabotolo otuwa, onse odzaza. Anagwedeza akuda, onse opanda kanthu kupatula limene linali m'manja mwanga. Anatsegula khomo lakumbuyo, anapeza atsikana awiri atatsamira khoma la telala akunamizira kuyang'ana mafoni. Anaima pamenepo kanthawi. Kenako anatulutsa foni yake n'kujambula khomolo, kanjirako, ndi chitenje cha amayi anga.

"Malizani amayiwa," anandiuza. Kwa amalume anangoti amva kuchokera ku ofesi.

Amalume sanadye bwino masabata angapo. Makina sanatengedwe. Chimene chinabwera pa basi ndi katoni ya mabotolo akuda ndi zithunzi zatsopano, za mtsikana wakuda akumwetulira, pansi pake atalemba zobwerera ku mtundu wako. Munalinso malamulo atsopano a nthambi zonse. Saluni iliyonse ikhale ndi khomo lachinsinsi. Galasi litchingidwe. Kupopera kobwereza n'kololedwa, ndipo anakupatsa dzina lachingerezi. Katani yotchingira ikhale ya mtundu wa kampani, yogula kwa iwo. Chitenje n'choletsedwa.

Amalume analandira kuchokera ku kampani satifiketi ya nthambi yoganiza zatsopano. Anaiika m'felemu. Mpaka lero amauza telala kuti iwo anaziona kalekale, kuti azungu aja anali njira chabe yoyesera msika. Ine a kampani ananditumizira yunifomu ina, yoyeranso, imene imada tsiku lomwelo. Dzina langa mayi wa suti sanalifunse, ndipo sindinamupatse.

Thonje la chaka chimenecho anapopera mwana wa aneba, amayi anamulipira nkhuku. Atakolola anandiimbira foni.

"Ndamva ntchito yako. Akuti umapopera anthu."

"Inde, amayi."

"Ndiye ukupoperabe."

"Pamthunzi. Ndipo anthu sakhala ndi mbozi."

Ndinamva mbuzi ikulira chapatali. Kenako amayi anati mkazi wa mchimwene wanga wayamba kuyera nkhope modabwitsa, ndipo Khirisimasi ino akupita kwa makolo ake, kodi ndingamuoneko. Ndinati abwere, agogode kumbuyo.

"Ndipo chitenje changa umupatsire," anatero. "Sindinakupatse kuti uveke windo."