Ng'ombe za apongozi m'dimba la amayi

Ndinakwatiwa kutsidya kwa dambo lomwe ndinakulira, m'dera la Chikomeni. Mudzi wa amayi anga unali kumadzulo, wa amuna anga kum'mawa, ndipo tchalitchi chathu chofolera udzu chinali pakamtunda, pafupi ndi msewu wopita ku boma la Lundazi. Anthu ankati ndili ndi mwayi, chifukwa amayi ndi apongozi anga aakazi anali paubwenzi ine ndisanabadwe n'komwe. Ankaitanana kuti asebele, monga amachitira anthu amene ana awo akwatirana, ndipo awiriwa ndiwo ankatsogolera gulu la amayi a mpingo. Amayi ankayambitsa nyimbo, apongozi ankakonza zoyendera odwala ndi za pamaliro.

Kenako kunagwa chilala cha 1992. Chimanga chinauma chisanamasule, mtedza unapsera m'nthaka. Amayi anali amasiye, ndipo chomwe ankadalira ndi dimba lawo la m'mphepete mwa dambo. Anakumba chitsime pakati pake n'kumathirira ndi ndowa m'mawa ndi madzulo. Munali mpiru, matimati, maungu ndi kachimanga kamene kanali katayamba kubereka. Dera lonse linali mbuu, koma pamenepo pokha panali pobiriwira, moti wodutsa ankaima kaye.

Kwa amuna anga ndi anthu a ng'ombe kuyambira makolo awo. Chaka chimenecho ng'ombezo zinali nthiti zokhazokha, ndipo zikanunkhiza madzi sizinkabwezeka. Tsiku lina masana zinathyola mpanda waminga n'kulowa m'dimba la amayi. Pamene iwo ankafika ndi ndowa yawo, munali ndowe ndi mapazi a ng'ombe basi. Ngakhale chitsime chinali chitagumuka.

Nthawiyo n'kuti ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Nditamva, ndinatsikira kudambo n'kuwapeza atakhala pansi, atagwira phesi limodzi m'manja.

"Amama, tiyeni kunyumba," ndinatero.

"Ona zimene zachita ng'ombe zakwanu," anayankha osandiyang'ana.

Aka kanali koyamba kuti amayi andiwerengere kutsidya.

Apongozi aamuna anatumiza anyamata kukakonza mpanda, ndi dengu la chimanga chachikasu cha thandizo chimene tinkalandira chaka chimenecho. Koma apongozi aakazi sanawoloke dambo. M'malo mwake anamveka kumjigo akunena kuti mpandawo unali wa nthambi zofumbwa, ndipo ng'ombe yanjala sidziwa malire. Mawuwo anafika kwa amayi tsiku lomwelo. M'mawa mwake anandiitanitsa, n'kundisenzetsa dengu lija kuti ndikabweze.

Ndinakalitula pakhomo pa apongozi aakazi n'kugwada.

"Akuti chiyani asebele?" anafunsa apongozi.

"Akuti yewo, athokoza, koma chimene akufuna si chimanga."

"Akufuna ndikawagwadile? Kodi ndine ndinatsegula mpanda, mkamwana?"

Ndinangoyang'ana pansi. Mkamwana, ndiye kuti mtengwa, sayankha funso lotero.

Lamlungu lotsatira amayi a kumadzulo anakhala mbali yawo, a kum'mawa mbali yawonso, pakati n'kutsala malo oti ngolo n'kudutsa. Amayi anga atayambitsa nyimbo, theka la tchalitchi linangoti chete.

Mlaliki wathu ankachokera kutali panjinga, ndipo sankafika kawirikawiri. Atamva za nkhaniyi anabwera dala Lachinayi, tsiku la msonkhano wa amayi. Ine ndi amene ndinkawerenga Mawu pamisonkhanoyi chifukwa ndinapitako patali pang'ono ndi sukulu. Ananditsegulira imodzi mwa makalata amene mtumwi analembera mipingo yoyambirira ali m'ndende, pamene amawadandaulira kuti akhale a mtima umodzi, asachite zinthu mopikisana, aliyense aziona mnzake ngati womposa, monga Ambuye anasiya ulemerero wawo n'kukhala ngati wantchito. Ndinawerenga mpaka kumapeto. Nditadzutsa mutu ndinaona amayi akugwedeza mutu, maso ali pa apongozi. Apongozi nawo anati "Ameni" mokweza, maso ali pa amayi.

Potuluka amayi anandikokera pambali. "Wamva zimene wawelenga? Ukawabwelezele apongozi ako." Nditafika kunyumba apongozi anati, "Mwawelenga bwino, mkamwana. Kaya ngati amayi anu amvako."

Mlaliki uja sanagwe mphwayi. Anawakhazika awiriwo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ine nditakhala chapatali. Anawauza kuti ngakhale m'mipingo yoyambayo munali amayi amene anagwira ntchito ya Mulungu limodzi kenako n'kusemphana, ndipo mtumwi anawachonderera onse awiri osanena kuti wolakwa ndi uyu.

"Amenewo sanadyeledwe dimba m'chaka cha njala," anatero amayi.

"Nanga anawabwezela chimanga pamaso pa mudzi wonse?" anatero apongozi.

Pamapeto pake anapatsana manja chifukwa mlaliki anawauza kutero, koma anangokhudzana nsonga za zala. Pa Mgonero wa Ambuye wotsatira amayi anakhala osadzuka, ati mtima wawo sunayere. Apongozi anapita kukalandira. A kumadzulo anati apongozi alibe manyazi, a kum'mawa anati amayi akudzionetsera.

Amuna anga ankangoti, "Zisiye, mvula ikagwa zidzatha zokha." Mvula inagwadi chaka chotsatira, dimba linameranso, ine ndinabereka mwana wamkazi, koma nkhani sinathe. Zinayamba kufukuka zakale zimene ine sindinkazidziwa: zoti anthu a ng'ombe amaderera anzawo a khasu, zoti a kumadzulo ndiwo anasenza mitengo yomangira tchalitchi koma akulu a mpingo amasankhidwa kum'mawa kokhakokha. Posakhalitsa amayi ndi anzawo anayamba kupempherera m'kalasi ya pasukulu ya kwawo. Nyimbo zinali zomwezo. Lamlungu mphepo ikamachokera kumadzulo ndinkamva mawu a amayi akuyambitsa nyimbo kutsidya, ine ndili pabenchi pambali pa apongozi.

Ndinayesa zimene ndikanatha. Tsiku lina ndinapita kwa amayi, ndinagwada n'kunena kuti ndabwera kudzapepesa m'malo mwa banja la amuna anga.

"Iwe unandilakwila chiyani?" anatero. "Dzuka, mwana akulila."

Kwa apongozi sindikanayerekeza n'komwe kuyambitsa nkhaniyo. Ndinkangotsegula makalata aja ndikakhala ndekha, n'kumadabwa kuti mawu omveka chonchi, amene onse awiri ankawakhulupirira ndi mtima wonse, akulephera bwanji kuwolotsa munthu kadambo koti mwana amadumpha.

Mwana wanga atayamba kuyenda anadwala malungo aakulu, ndipo tinagonekedwa kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Apongozi anabwera nane. Masana amayi anatulukira, fumbi lili m'miyendo, atanyamula phala m'kachitini. Analonjera anthu onse a m'chipindamo, "Monile, monile," koma atafika pa apongozi anangodutsa n'kukhala mbali ina ya bedi. Aliyense ankalankhula ndi mwanayo. "Imwa, agogo akubweletsela phala." "Tsegula maso, agogo ali pano." Mwana ali gone, thupi lili moto.

Mwadzidzidzi anayamba kukomoka, maso atatembenuka. Ine ndinangokuwa. Apongozi anamasula nsalu yawo yapamwamba, anaiviika mundowa n'kuipereka kwa amayi, ndipo amayi anailandira n'kuyamba kumupukuta mwanayo. "Kumutu, asebele, kumutu!" anatero apongozi. Amayi anamuika nsaluyo pamutu. Namwino atafika ndi jakisoni anapeza mmodzi wagwira manja a mwana, wina miyendo, onse akupemphera mokweza. Mumtima ndinati basi, zatha.

Mwana anachira. Tsiku lotuluka tinayenda msewu umodzi, amayi kutsogolo, apongozi kumbuyo, ine pakati ndi mwana kumsana. Ndinkachepetsa liwiro dala kuti mwina akumane, koma ndikachedwa apongozi ankachedwanso. Pamphambano amayi anaima, anagwira phazi la mdzukulu wawo n'kumufunira ulendo wabwino, nati, "Uyende makola, mwana wane." Kenako anakhotera kumadzulo.

Amayi anamwalira patapita zaka zochepa, ine nditabereka mwana wachiwiri, mipingo iwiri ija ikadali yosiyana. Apongozi anabwera kumaliro ndi amayi onse a kum'mawa, aliyense atasenza mtolo wa nkhuni. Anatunga madzi, anaphika, anaimba nawo. Itakwana nthawi yosambitsa thupi, ntchito imene apongozi ankaitsogolera pamaliro alionse kale, anadzuka n'kukaima pakhomo pa nyumba. Amayi a kumadzulo analowa mmodzimmodzi, osawaitana. Iwonso sanapemphe. Ine ndinali pamphasa ya anamfedwa, azakhali anga atandigwira mapewa, ndipo ndinangoyang'ana mpaka chitseko chinatsekedwa. Apongozi anaima pomwepo kanthawi, kenako anabwerera kumoto.

Titachoka kumanda anabwera pamene ndinakhala, anagwada pafupi nane, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mkamwana, khalani kuno mpaka mtima utsike," anatero. "Ana ndiwasamala ine."

Ananyamula wamng'ono kumsana, wamkulu anamugwira padzanja, n'kutsikira kudambo.