Abambo Pakhoma la Dothi

"Ngati ukuwafuna abambo akowo, nyamuka ukawasake ku Kalomwe komwe anasowera! Pakhoma langa ayi!"

Anali amayi amenewo, akukalipira ine, m'manja muli mbale ya matope. Inenso sindinali mwana wongouzidwa n'kumva. Ndinaima pakati pa iwo ndi khomalo, osasamala chisanu cha mu Junyu.

Tinali titangobwerako ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, ndipo nyumba zonse m'mudzi mwathu, kufupi ndi Domwe, zinali zatsopano. Kwathu kuno ntchito yokolola ikatha, azimayi amazira makoma n'kujambulapo ndi dothi, lofiira lakumtunda, loyera lakudambo, lakuda losakaniza ndi makala. Ambiri amajambula maluwa. Koma mana Rozina, mlongo wanga wamkulu, anajambula munthu akukankha njinga, n'kunena kuti ndi abambo. Abambowo anatsalira m'njira tsiku lothawa, ine ndikadali wakumsana, ndipo chithunzi chawo tinalibe. Ndiye kwa ine munthu wadothi uja, ndi makutu ake aakulu ngati masamba a fodya, anali abambo basi.

Amayi anati pakhoma pamakhala maluwa, osati munthu, makamaka munthu amene manda ake sitikuwadziwa. Ankafuna kufafaniza. Ine ndinalumbira kuti ndikawapezera nyumba zina zojambulidwa anthu, aone kuti palibe choletsa. Ndinanyamuka ndikuponda mwamphamvu, wopanda nsapato, kamizola yanga yovala pachisanu n'kuiwala pamphasa.

Mudzi umene ndinkadutsamo tsiku lililonse ndinauona koyamba tsiku limenelo. Mphepo inkachokera kumapiri, ikuuluza fumbi ndi makoko a chimanga, milomo n'kumang'ambika. Paliponse pankanunkha utsi wa mapesi. Ndinkaima pa nyumba iliyonse n'kuizungulira ngati wogula. Kwa aNambewe kunali tambala wamtali kuposa chitseko. Pena panali mbendera, koma dothi lobiriwira linawasowa, ndiye anangopakapo masamba a nyemba. Kuseri kwa tchalitchi, mayi wina anajambula ndege yankhondo, pansi pake maluwa okhaokha mpaka pakhonde. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mapazi atachita dzanzi.

Kwa a Zuze, ogulitsa mbatatesi, kunali kamiyau, galimoto yonyamula katundu, ya matayala osalingana. Eni ake anali panja akuwothera dzuwa, atadzifunda thumba.

"Iwe mphwanga, boma lakulemba ntchito yoyendera makoma?"

"Ndikufuna khoma lojambulidwa munthu."

"Munthu? Ine ndinawapempha akazi anga andijambule, anakana. Akuti dothi la m'mudzi muno silingakwanire mphunoyi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinafika mpaka nyumba yomaliza, kumene minda imayambira, osapeza nkhope ya munthu ngakhale imodzi. Amayi ananena zoona, ndipo zimenezo n'zimene zinandipsetsa mtima koposa. Pobwerera ndinatola mwala. Ndisabise, ndinati ndikapeza abambo atafafanizidwa, mtsuko wa amayi nawonso usweka.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Amayi anali atagwada pakhoma paja, akuviika chala m'matope. Sankafafaniza. Ankachepetsa makutu. Kenako anatalikitsa khosi, n'kuika chipewa chopendekera kumanzere.

"Sanali aafupi chonchi," anatero, osayang'ana munthu. "Ndipo njinga sankakankha. Ankakwera ngakhale pachitunda, kudzionetsera."

Mana Rozina anali chiimire pambali atagwira mbale, misozi ikutsika, koma akumwetulira. Amayi atacheuka anandiona.

"Bwera kuno, udzawaone bwino."

Ine, khosi gwa, ndinati, "Sindikufuna." Ndinaponya mwala uja patchire n'kukalowa m'khitchini. Ndinkamva mawu awo kuseri kwa khoma, akumuuza mana zinthu zambirimbiri, nthawi zina onse awiri n'kuseka. Ndinkadikira kuti andiitanenso kachiwiri kuti ndituluke ngati wochita kukakamizidwa. Sanandiitane. Ndipo amayi sanadzatsegulenso pakamwa pa nkhani ya abambo mpaka tinawaika m'manda. Zimene ndikudziwa lero ndi nyenyeswa zimene mana amakumbukira, ndipo iyenso wayamba kusokoneza.

Chaka chino m'nyengo yozizira ndinayendanso m'mudzimo. Makoma ambiri ndi a njerwa ndi simenti, ndipo amene ali ndi mtundu apakidwa tinta yotsatsa malonda. Atsikana a masiku ano dothi loyera sadziwa kumene limakumbidwa. Sindikuwanena, nanenso nyumba yanga ndi yasimenti. Koma ana anga amajambula ndi telefoni chilichonse, ngakhale mbale ya nyemba, pamene ine nkhope ya abambo ndinakhala nayo miyezi yochepa, mvula yoyamba n'kuitsuka yonse, kutsala mzere wofiira pansi pa khoma.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti mvula ndingaigonjetse. M'mawa wotsatira tsiku la mkangano lija, udzu ukadali woyera ndi chisanu, ndinatenga chikwakwa cha amayi osapempha n'kupita kudambo. Ndinamweta mitolo imene ndikanatha kusenza, zala zikuwawa, n'kudzakwera padenga kuti nditalikitse tsindwi mbali imene kunali abambo. Amayi anatuluka n'kundiyang'ana. Anangogwira makwerero kuti ndisagwe.