Kamzere Kofiira pa Mkono Wanga

Ndikukumbukira chaka cha 2008, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, singano ya makina a amayi itandibaya pachala. Amayi ankasoka zovala m'kachipinda kathu ku Greyville, mu Durban. Inali nthawi imene alendo ochokera kumayiko ena, ngati ife, ankasakidwa nyumba ndi nyumba, ndipo ife tinkangobindikira, makatani ali chitsekere.

Chalacho chinatupa, n'kumatentha, n'kumagunda ngati chili ndi mtima wakewake. Kenako pamkono panatuluka kamzere kofiira. Amayi anati zimenezi si zabwinobwino, wina watiponyera. Anandimanga ulusi wakuda pamwamba pa kamzereko kuti kasapitirire. Kutacha tinapeza kadutsa pansi pa ulusi, kakulunjika m'khwapa. Ndinachita mantha osaneneka. Ndinkamva ngati mwa ine mukukwawa chinthu chodziwa bwinobwino kumene chikupita.

Amayi ankaopa chipatala kuposa mfiti, poti Chizulu chawo chinali chotsimphina. Komabe tinakwera minibasi kupita kuchipatalako, osayankhulana njira yonse kuopa kudziwika ndi chiyankhulo chathu.

Anamwino, mayi wachizulu, anadula ulusi uja. "Eish, mama, mukanachedwanso chala ichi tikanadula," anatero. Ine ndinkamasulira monong'ona, kenako ndinawafunsa chimene chinkayenda m'thupi mwangamo.

"Bala limaitana, mwanawe," anayankha. "Pamene pavulala pamatuluka timankhwala tonga fungo. Maselo oyera a m'magazi akalimva amaima, n'kudzipanikiza kutuluka mumtsempha, n'kumakwawira kumene fungolo lakula. Sasochera. Mafinyawa ndi iwowo, afera pompano. Kamzereka ndiye kuti tizilombo tina tawazemba."

Nditamasulira, amayi anayang'ana kukhomo, komwe kunali kotsegula. "Ndiye amalondola fungo mpaka am'peze mlendoyo?" anafunsa, m'Chichewa, mokweza, osazindikira. Anthu amene ankadikira pabenchi anatembenuka onse. Anamwino sanamve mawuwo, koma manthawo anawaona. Anadzuka, n'kutseka chitseko, n'kuyamba kutsuka balalo.

Chala chinapulumuka, koma sichipindika mpaka lero. Ndinadzazindikira nditakula kuti thupi langa linali litakuwa kalekale kupempha thandizo. Ochedwa tinali ife, amene tinkaopa kumveka. Amayi anamwalira akudziimbabe mlandu pa chalachi, ndipo chimandipweteka n'chakuti sindinawauzepo kuti ndikanakhala iwo, m'masiku amenewo, nanenso ndikanaopa kutuluka.