Nkhope ya Esinati

Ntchito ya pasaluni sindinaifune ndine. Ku koleji ndinaphunzira za makompyuta. Wodziwa kukongoletsa akwatibwi anali mkazi wanga Tadala, amene ankagwira ntchito pa saluni ya Mayi Nambewe ku Chilomoni. Atayamba kudwala, mankhwala anamusintha khungu moti ngakhale sopo amene ankasambira zaka zonse anayamba kumuwotcha. Manja ake atafooka, ankandiuza zochita ali chigonere: madzi ofunda pang'ono, kansalu kofewa, osatikita koma kungogunditsa, mafuta osanunkhira, kenako kudikira. Ndinachita zimenezo m'mawa uliwonse mpaka tsiku lomaliza.

Patatha miyezi itatu chiikire maliro, Mayi Nambewe anabwera kwathu ku Zingwangwa. Anapeza chikwama cha Tadala cha zodzoladzola chili pomwe mwini wake anachisiya.

"Bambo, manja anu ndinawaona pankhope ya mnzanga uja," anatero. "Nyamulani chikwamacho mubwere Loweruka. Mukangokhala muno mutha nanunso."

Masabata oyamba ndinkangotsuka maburashi ndi masiponji. Makasitomala ena ankakaniratu. "Mwamuna andigwire kumaso? Abambo akunyumba akamva ndikawauza chiyani?" Pang'onopang'ono Mayi Nambewe anayamba kunditumizira aja a khungu losachedwa kuyabwa. Lamulo la Mayi Nambewe linali limodzi: chilichonse chimene mkwatibwi adzadzole, tiyambe tachiyesa kuseri kwa khutu lake kutatsala masiku atatu.

Loweruka lina mu Okutobala, iwo anali ndi ukwati ku Bangwe, ndiye ananditumiza ndekha ku Ndirande kwa mkwatibwi wina dzina lake Esinati. Ndinali nditamuyesa kale Lachitatu, zonse zili bwino. Misa inali ya naini koloko. Nditafika cha m'ma sikisi ndinamupeza kuchipinda akulira, masaya otentha, tiziphuphu tili mbwee mpaka pachibwano. Azakhali ake, amene anabwera kuchokera ku Nsanje, anali atamupaka mandimu osakaniza ndi shuga ndi soda dzulo lake pomulangiza, akuti awale pazithunzi.

"Pakani msanga muphimbe zimenezo," anatero azakhaliwo. "Nanga paudala ntchito yake n'chiyani?"

Ndinkadziwa kuti ndikapaka faundeshoni pakhungu lotero, ndi kutentha kwa mwezi umenewo, Esinati akafika pa guwa akudzikanda, ndipo pofika ku holo nkhope ikhala itatupa. Ndinati, "Azakhali, ndipatseni ola limodzi, komanso beseni loyera ndi madzi ozizira."

Ndinasamba m'manja. Ndinamusukusula ndi sopo wamadzi wosanunkhira, ndi nsonga za zala zokha. Ndinanyowetsa kansalu m'madzi ozizira aja n'kukayala pamasaya, kakafunda n'kusintha, kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Tona, madzi opukutira khungu, ndinamusiya m'chikwama chifukwa anali ndi spiriti. Khungu lidakali lonyowa pang'ono ndinagunditsa mafuta ofewetsa, ochepa ngati njere ya nyemba. Kenako ndinakhala pansi, manja pamaondo.

Kudikirako ndiye kunavuta. Galimoto ya maliboni inafika n'kuyamba kuliza hutala. Azakhali anaima pakhomo n'kuuza amayi a panja mokweza, "Tabwerani mudzaone! Tinaitana wopaka, atitumizira wosambitsa mwana." Panja anaseka. Esinati anandiyang'ana.

"Achimwene, anthu akandiona chonchi aziti chiyani?"

"Kukutenthabe?"

"Kwachepa."

"Tidikirebe pang'ono, achemwali. Kukasiyiratu mundiuze."

Itakwana hafu seveni anati kwasiya. Ndinayesa kadontho ka faundeshoni pansi pa chibwano, n'kudikiranso mphindi zisanu. Sanamve kanthu. Ndinapaka kamodzi kokha, mopyapyala, ndi siponji yatsopano yonyowa. Pamalo awiri pamene panali potupuka kwambiri sindinapakepo chilichonse. Mphamvu zonse ndinaziika m'maso ndi pamilomo, kuti woyang'ana ayambire kumeneko. Ndinamupatsa mnzake woperekeza timapepala tofewa, kuti thukuta akamalichotsa azingogunditsa, ndipo ndinawauza kuti kukayambiranso kutupa apite kuchipatala, asapakenso za kukhitchini.

Esinati anavala velo. Kenako nthungululu inayambira kwa azakhali omwe aja.

Madzulo ndinapita ku holo kukamukonzanso asanayambe kujambulitsa. Anali atavina masana onse, koma khungu linali lozizira, tiziphuphu tambiri titaphwa. Ndikulongedza, azakhali anandipeza pakona. Ulendo uno analankhula motsitsa mawu.

"Mwanawe, zimenezi unaphunzira kuti?"

"Kwa mkazi wanga."

"Ukamuuze kuti anaphunzitsa bwino."

Ndinavomera ndi mutu, n'kutseka chikwama.

Lero akwatibwi a khungu lovuta amachita kundifunsa ndi dzina. Aliyense ndimamuuza zofanana: sabata ya ukwati musayese chatsopano, ngakhale achibale akukakamizeni bwanji. Ndipo ngakhale hutala ilire chotani panja, sindipaka kanthu mwini nkhope asananene yekha kuti kwasiya kutentha. Tadala ndinkamufunsa kaye ndisanamupake kanthu, ndipo onse ndimawafunsa chimodzimodzi.