Atandisudzula Ndinakana Kuchoka

Amuna anga anamwalira nthawi yowokera fodya. Anthu a m'mudzi mwawo, kufupi ndi Kabudula, ananditama kuti ndinalira ngati mkazi weniweni. Sankadziwa kuti ndinkalira ntchito yanga. Pa ukwati wathu wonse, ntchito yanga inali iwowo: kukawatola kumene kachasu wawagwetsa, kuwasambitsa, kubisa nkhwangwa akabwera maso ali psuu, kupepesa kwa amene awatukwana. Akandimenya, m'mawa ndinkawaphikira phala, ine mlomo utatupa. Ndinkati n'chikondi. Mwina chinalimo, koma chochepa ngati mchere wa m'ndiwo.

Ndinali pa chitengwa, ndiye miyezi ya maliro itatha ankhoswe anakhala pansi n'kundisudzula. "Mwamasuka tsopano, mutha kubwerera kwanu," anatero. Ena amati mawu amenewa amapepukitsa mtima. Ine anandichititsa mantha. Ndikadzuka m'mawa ndiziyang'anira ndani?

Achimwene anga anabwera ndi ngolo kuchokera ku Nsaru kudzanditenga. Ndinawabweza, ndati fodya wa malemu sitinamalize kusankha. Fodya atatha ndinati mtedza. Mtedza utatha ndinasowa ponamizira, koma ndinakhalabe.

Chimene chinandimanga miyendo anali alamu anga, mng'ono wa malemu. Nawonso mowa unali utawalowerera, mkazi wawo anali atathawa kalekale. Tsiku lina apongozi anga aakazi anandigwira dzanja. "Mwananga, mukachoka mnyamatayu atipengera. Inu ndinu mumatha kuwagwira anthu oterewa, eti?" Ndikakumbukira ndimapsa mtima, chifukwa mawu amenewo anandikomera zedi. Ndinali nditapezanso ntchito. Sabata isanathe ndinayamba kuwasungira chakudya ndi kuwatsatira kumowa, ngati kuti manda aja sanandiphunzitse kanthu.

Mwana ndinali naye mmodzi, wamkazi, asanakwane zaka khumi. Masana ena ndikuchokera kumjigo ndinapeza alamu ali gone pakhonde panga, atasanza. Mwana wanga anali atagwada pambali pawo ndi beseni, akuwapukuta kukamwa ndi chitenje changa. Pa tsaya lake panali zala zinayi zooneka bwinobwino.

"Wakumenya ndani?"

"Musawakalipire, amayi," anatero. "Ndalakwa ndine. Ndinachedwa kuwapatsa madzi."

Sanalire. Anandimwetulira kuti andikhazike mtima pansi, n'kupitiriza kupukuta. Ankagwira bwino kwambiri, mutu atautembenuzira kumbali kuti munthu asatsamwe. Palibe tsiku limene ndinamukhazika pansi n'kumuphunzitsa zimenezo. Ankangondiona. Ndowa ndinaitula pansi madzi n'kutayika, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro.

Madzulo omwewo ndinatumiza uthenga ku Nsaru. Achimwene atafika ndi ngolo sanandifunse zambiri. Anangoti, "Nthawi ino ng'ombe zanga zisayende ulendo wachabe, achemwali." Apongozi sanatuluke m'nyumba kudzatsanzikana nafe. Sindiwaimba mlandu. Iwo anayamba ndi amuna awo, kenako ana awiri, ndipo panalibe amene anawabweretsera ngolo.

Ndisaname kuti ndinachira tsiku lomwelo. Mpaka lero ndikamva woledzera akuimba mumsewu, miyendo imafuna kunyamuka yokha, ndiye ndimaikhazika pansi ngati mwana wosamva. Pa ngolopo mtima unkandiuza kuti ndasiya munthu pamoto. Titadutsa zigafa za fodya za kumapeto kwa mudzi, mwana wanga anandikoka chitenje.

"Amayi, nanga bambo aang'ono akagwa aziwadzutsa ndani?"

Funso lomwelo linali pakhosi panga. Ndinamugwira mutu n'kuutembenuzira kutsogolo, kumene ng'ombe zinkapita.

"Azidzuka okha," ndinatero. "Iwe ndiwe mwana."