Soketi ya a Esinati

Ntchito ya pa esiteti ya tiyi ndinaipeza kudzera mwa kapitawo wina amene ndinkamukonzera foni pa benchi langa ku Goliati. Anatitenga awiri kuti atiyese miyezi itatu, wotsala akhale mmodzi. Mnzangayo anali a Esinati a ku Thekerani, mayi amene anathyola tiyi zaka zambiri asanagwireko waya.

Ntchito yake inali iyi. M'minda munali mapolo khumi, lililonse lili ndi bokosi. M'bokosimo munali foni yakale yolumikizidwa ku tizipangizo toyeza mvula ndi chinyezi cha m'nthaka, ndipo inkatumiza manambala ku ofesi ola lililonse. Pamwamba sola, m'munsi batire, pakati kontirola yowongolera moto, kenako kanthambo kopita ku foni. Foni ikazima, ku ofesi sadziwa munda wofunika kuthirira. Mapolo asanu anali anga, asanu a Esinati.

Anga ndinawamanga mwaukhondo, ndithu. Sola kuloza kumpoto, mawaya m'paipi, loko wamkulu pabokosi. Koma a Makwinja, bwana wathu, pakamwa pawo panali Esinati yekhayekha. "Mayi awa amaudziwa munda," ankatero. Ine mtima unkawawa. Munthu woti fyuzi ndachita kumuonetsa ndine!

Tsiku lina ndinaona othyola tiyi atatu ataunjikana papolo la a Esinati. Mayiwo anali atatulutsa soketi kunja kwa bokosi, yokoka moto ku kabatire kakale ka njinga yamoto, kapadera, kuti anthu azitchajapo mafoni awo. Ndinathamangira ku ofesi kukanena kuti akugawa magetsi a kampani ngati ndiwo za pamaliro. A Makwinja anati tikayendera limodzi Lolemba.

Lachisanu chiperoni chinatsika. Masiku anayi dzuwa osaoneka, nkhungu ndi kamvula kowaza basi. Lolemba tinayamba ndi mapolo a Esinati, ine ndili patsogolo. Mafoni onse asanu ankayaka. Titafika papolo langa loyamba, loko ali chikhalire, koma foni yazima. Polo lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayeza batire ndi mita, moto unali utatheratu. Nditasuzumira kuseri ndinapeza paipi yabooledwa, waya wa ku batire wasendedwa bwinobwino ndi lezala, malo oti munthu akolekepo tchaja. Anthu ankakama mabatire anga tsiku ndi tsiku, ndipo chiperoni chinawapeza ali kale ndi njala. Mwa asanu, anayi anali atafa.

"Achimwene," anatero a Esinati motsitsa mawu, "kumalayini kogona antchito kulibe magetsi. Munthu wasiya mwana wodwala kunyumba, foni yazima, ndiye aone sola n'kungodutsa? Ine ndinkasenda nawo mawaya."

A Makwinja sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Ndiye amene wawononga magetsi a kampani ndani?"

Ntchito anapatsidwa a Esinati. Ine ndinabwerera pa benchi langa, ndipo akamadutsa pa njinga yamoto ya kampani ndimaweramira foni imene ndikukonza. Nsanje sinathe, ndisaname.

Masiku ano ndimamangira anthu sola m'minda ndi m'madimba. Ndisanakumbe dzenje la polo ndimayamba ndafunsa kuti pamalopo pamadutsa ndani. Soketi yapanja ndimaika nthawi zonse, ndi kabatire kake kapadera. Makasitomala amati ndili ndi nzeru, ndipo mpaka lero sindinauzepo aliyense mwini wake wa nzeruzo.