Mkamwini wa pa Boti la Ketrina

Ngalande ya maboti ya ku Maryhill, kuno ku Glasgow, ndinakumba ndine, ndekha, ndi khasu lopanda mpini, tiyi wam'mawa asanazizire. Chabwino, limenelo ndi bodza. Ngalandeyo inakumbidwa agogo awo a agogo anga asanabadwe, ndipo khasu langa ndinalisiya ku Dedza. Koma za Ketrina, mwana wa mlongo wanga, musandikayikire.

Ketrina ndi namwino pachipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan. Atatopa ndi nyumba ya lendi ku Govanhill, komwe wa khomo linalo akayetsemula iwe ndiye umapukuta mphuno, anagula boti n'kusamukiramo. Si boti la asodzi ayi. Ndi nyumba yoyandama, yaitali ngati ulaliki wa mlendo, koma yopapatiza moti ukafuna kutembenuka umayamba watuluka panja. Muli bedi, muli mbaula, ndipo padenga anadzalapo mpiru m'zidebe.

Amayi a kutchalitchi anamuyendera ndi nkhope za pamaliro. "Mwana iwe, munthu wa ntchito yabwino n'kumagona pamadzi ngati bakha?"

"Amayi, bakha munamuonapo ali ndi nkhawa?" Anawathirira tiyi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenako kunabwera Thumbiko, mnyamata wa ku Rumphi, woyendetsa basi ya ku Easterhouse. Anakondana, nkhani inafika kwa ankhoswe. Mbali ya mkazi nkhoswe anali malume wakeyo, amene akukusimbiraniyu. Mbali ya mwamuna anali a Ephraim, bambo aang'ono a Thumbiko, mkulu wampingo amene amavala tayi ngakhale pokataya zinyalala. Iwo ananena mosabisa kuti kwawo mkazi amatsata mwamuna. Boti ligulitsidwe, Ketrina akakhale ku Easterhouse, apo ayi chinkhoswe palibe.

Ketrina sanalire, sanakalipe. Anangoti onse abwere Loweruka adzakwere boti.

Tsikulo mvula inali ija ya ku Glasgow, yogwa cham'mbali ngati ikufuna kukunong'oneza kanthu. Ketrina anaima kumbuyo kwa boti, dzanja pachiwongolero, mpaka anafika pa maloko a ku Maryhill. Loko ndi chipinda cha madzi chokhala ndi zitseko zamatabwa kutsogolo ndi kumbuyo. Boti likalowa amatseka, n'kutulutsa madzi, boti n'kumatsika nawo mpaka lilingane ndi ngalande ya kumunsi. Pamenepo malokowo andanda ngati masitepe, ndipo chitseko chilichonse chimalemera ngati ng'ombe zonse za ku Rumphi zitamangidwa pamodzi.

Ketrina anatenga chitsulo chopukusira zotsekera madzi n'kumupatsa Thumbiko. Koma poyankhula anayang'ana a Ephraim.

"Bambo, mwanena za kwanu, ndamva. Kwathu ku Dedza mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi. Amamupatsa munda kuti tione ngati msana ulipo. Ine munda ndilibe. Ndili ndi zitseko izi."

"Chikamwini? Kuno ku Ulaya?"

"Inunso mwambo wanuwo mwabwera nawo pandege yomweyo, bambo."

Oyang'anira ngalande, amene nthawi zonse amathandiza pamalokopo, anaseka atamva kuti mnyamatayo ali pamayeso a ukwati. Anamuonetsa pogwira n'kuima pambali. Thumbiko anapukusa chitsulo mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka ngati zingwe za gitala. Madzi anayamba kuthawa, boti n'kumatsika pakati pa makoma akuda, onyowa, a ndere. Kumwamba kunatsala kakang'ono ngati mpango.

"Tikumira!" anakuwa a Ephraim, atakumbatira chidebe cha mpiru.

"Sitikumira, bambo, tikutsika. Gwirani chingwecho, mpiruwo usiyeni."

Iwo anayambitsa nyimbo ya pamaliro, koma palibe anawathandiza kuimba.

Chitseko cha loko sakankha ndi manja. Umatsamira mtanda wake ndi matako n'kumayenda chambuyo, pang'onopang'ono, anthu odutsa ndi agalu awo akukuonerera. Thumbiko anatero atavala buluku lake la kutchalitchi. Anaterereka, anadzuka, anatsamiranso. Ketrina sanamuthandize ngakhale ndi diso. Ankalowetsa boti m'loko lililonse osakhudza khoma, nkhope ili gwa, ngakhale mumtima ankaopa kuti mwina mnyamatayo ataya chitsulocho n'kukakwera basi yake.

Atatuluka m'loko lomaliza, Thumbiko analumphira m'boti ali chonyowa, kumbuyo konse kuli kobiriwira ndi ndere.

"Adada," anatero akupuma mwabefu, "ine zitseko zonsezi sindinakankhire nyumba ya ku Easterhouse. Ndidzakhala muno."

A Ephraim anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Chabwino, chinkhoswe chichitike. Zokhala m'botizi ndi za miyezi yochepa chabe. Amalume a Ketrinawa anandiuza kuti boti lapeza kale woligula, mzungu wa ku Falkirk."

Ketrina anazimitsa injini. Kunangomveka mvula padenga.

"Bambo, boti ili silikugulitsidwa, chaka chino kapena cha mawa. Ngati mwavomera chifukwa cha mzungu ameneyo, mawu anuwo abwezeni pompano. Sindikwatiwa mozembetsedwa."

A Ephraim anayang'ana mwana wawo, yemwe anali atavula kale nsapato n'kuziika pafupi ndi mbaula ngati mwini nyumba. Anapukusa mutu.

"Ndibweze chiyani? Munthuyu wakhazikika kale. Ingondifikitsani pamtunda ndili moyo."

Apo Ketrina anatembenukira malume wake, amene anali atayamba kuchita chidwi kwambiri ndi abakha.

"Amalume, mzungu wake uti?"

"Alipo, mphwanga, wamtali, wa ndevu mpaka m'mawondo. Koma ndamukana! Anandiimbira dzulo lomweli akulira, ndinamuuza kuti boti la mwana wathu ngakhale atabwera ndi sitima yankhondo sitisinthana."

"Anakuimbirani dzulo?"

"Ndithu, kawiri."

"Pa foni iti, amalume? Yanu ija munaigwetsera m'ngalande sabata yatha mukujambula abakha, mpaka lero mukubwereka yanga."